Mapikapu Khumi ndi Imodzi a Malemu Zuze

Mapikapu khumi ndi imodzi, gitala imodzi, ndipo gitalayo sinali yawo. Chuma cha malemu a Dominic Zuze chinali chimenecho, kuwonjezerapo chitini cha mabisiketi chosungiramo mapikapuwo, iliyonse itakulungidwa m'sokosi yakeyake.

Amene simudziwa za magitala musaganize za galimoto. Pikapu ya gitala ndi kachitsulo ka maginito, kotalika ngati chala, kokhala pansi pa nsambo. Ntchito yake ndi kutola mawu a nsambo n'kuwatumiza ku sipika. Gitala ya magetsi imakhala nazo ziwiri kapena zitatu, koma a Zuze ankalabadira imodzi yokha, ya kumtunda, kufupi ndi khosi la gitala.

"Ya kumunsi imakuwa," ankatero. "Ya kukhosi imalankhula."

Ndiye kwa zaka makumi awiri, pa malire a Mwanza, palibe amene ankadutsa mwamtendere pa khonde limene a Zuze ankakonzerapo mawailesi. Ukangoyenda mochedwa pang'ono, wagwidwa. Tsiku lina anagwira dalaivala wa thiraki dzina lake Laston, mapepala a katundu ali m'manja.

"Achimwene, taimani kaye. Mphindi imodzi."

"Madala, thiraki yanga ili pamzere."

"Mzerewo unayamba dzulo, suthawa. Tamverani uyu." Anakanda nsambo. Kenako anasolola pikapu, n'kulowetsa ina. "Tsopano uyu. Wokoma ndi uti?"

"Aa, n'chimodzimodzi."

A Zuze anaika gitala pansi mosamala ngati khanda.

"Chimodzimodzi? Akazi anu akakuitanani, apongozi anu akakuitanani, mumati n'chimodzimodzi?"

Laston anakhala pamenepo mpaka mzere unamudumpha, ndipo anachoka atavomera kuti wachiwiriyo amamveka ngati apongozi.

Theka la khondelo linali la Sungani, mtsikana wa geni amene ankagulitsa matochi, mabatire, matchaja a foni, ndipo kenako nsambo za gitala. Anthu ankamufunsa kuti amapirira bwanji phokoso tsiku lonse. Sungani anali atawerengera kale. Munthu aliyense wogwidwa ndi a Zuze ankaima patsogolo pa tebulo lake mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo mwa anthu anayi aliwonse, mmodzi ankagula kanthu kuti apeze pothawira. Sanadandaulepo tsiku ndi limodzi lomwe.

Gitalayo inali ya mayi Eleanor, eni ake a malo ogona alendo kuseri kwa khondelo, amenenso anali eni a bandi yoimba pa maukwati. Zida zonse zinali zawo, oimba ankangobwereka. Kusintha pikapu kumafuna kumasula nsambo zonse ndi kuwotcherera mawaya, ntchito ya ola lathunthu, ndipo munthu wogwidwa sangadikire ola. Choncho a Zuze anatenga tchizulo n'kuboola gitala ya eni ake m'mbali, n'kupanga kadilowa kosololera mapikapu, ndi tizitsulo tiwiri topanira mawaya. Mayi Eleanor ataona, anagwira m'mutu.

"A Zuze, ndinakupatsani gitala kapena kabati?"

"Mayi, panopa ndi zonse ziwiri, mtengo wake womwewo."

Anawasiya, chifukwa kuyambira ku boma mpaka ku Thambani kunalibe wina woimba gitala yotsogola ngati iwo. Koma ananenetsa kuti tsiku limene adzalephere ntchito, kabatiyo adzatenga.

Pikapu iliyonse inali ndi dzina, ndipo ankaitchula ngati munthu. Akuluakulu anali anayi. Panali Tete, amene anamuchotsa pa gitala yopsa ya munthu wina wothawa nkhondo, wa mawu okhuthala ndi ofunda ngati munthu wolankhulira m'mtsuko. Panali Namwali, wa mawu owonda ndi akuthwa. Panali Dalaivala, wonenepa kuwirikiza anzake, wosasa mawu ngati munthu wogona m'thiraki masiku atatu. Ndiye panali Udzudzu, amene ankaimba bwino ndithu, koma pansi pa nyimbo pankamveka kakulira kosalekeza.

Anthu a pamalopo anali atawamva anayiwa kambirimbiri, mwakuti aliyense anali ndi kachizolowezi kake. Mayi Rozina ogulitsa manachesi patsogolo pa khondelo, amene anabwera kuchokera ku Mozambique ali mtsikana nthawi ya nkhondo, ankakhalira kusenda nachesi lolawitsa ogula, koma Tete akangolira manja awo ankaima. Timoti wosintha ndalama ankalowetsa chala m'khutu akamva Udzudzu. Anyamata a kabaza ankagwedeza mitu kwa Dalaivala. Galu wa mayi Eleanor, Namwali akangoyamba, ankadzuka n'kukagona kuseri. Palibe amene ankaziganizira zimenezi. Ndi mmene pankakhalira basi.

Nkhani inasintha Lachiwiri lina masana, m'mwezi wa June. Magetsi anazima, kanyali kofiira ka pa sipika kanazimanso, koma a Zuze anapitiriza kukanda nsambo ali chitsinzinire. Gitala ya magetsi yopanda magetsi imamveka ngati waya woyanikapo zovala.

"Wamva, Sungani? Wamva mmene Tete akutsikira pamenepo?"

"Madala, magetsi apita."

"Ngati uchi, mwanawe."

"Madala, ndati magetsi apita."

A Zuze anapitiriza kukanda. Sungani anawagwira paphewa n'kuloza kanyaliko. A Zuze anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali wina amene waona.

"Zayamba liti?" anafunsa Sungani, ndipo anazindikira kuti maso awo ali pa milomo yake.

"Chaka chachiwiri chino. Khutu lamanzereli linatseka. Lamanjali limamva ngati munthu akulankhula kutsidya la mtsinje."

"Kuchipatala munapita?"

"Mpaka ku Blantyre. Anati ndi masipika, zaka makumi atatu ndikuima pafupi nawo. Anati sizibwerera."

"Nanga pa ukwati mumaimba bwanji?"

"Ndimayang'ana phazi la woimba ng'oma. Zala zimadziwa njira zokha."

"Mayi Eleanor akudziwa?"

"Akadziwa atenga gitala yawo." Anasisita chitini chija. "Ndiye ana angawa ndidzawaika pati? Pa mpini wa khasu?"

Sungani analonjeza kuti sauza munthu. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akawaitana a Zuze chakumbuyo, iye ankagwetsa tochi dala kuti atembenuke. Pamwezi umodzi matochi atatu anasweka.

Koma ku ukwati Sungani sankapita nawo. Loweruka lina ku Thambani, wotsogolera mwambo anakweza dzanja kuti bandi isiye, amalume a mkwatibwi alankhule. Onse anasiya. A Zuze, amene anali atatsinzina chifukwa nyimbo inawakomera, anapitiriza okha. Amalumewo anayamba kulangiza ana awo za ulemu m'banja, gitala ikulira pamwamba pawo. Anakweza mawu, gitala inakweranso. Amene analipo amati zinatenga mphindi ziwiri, ndipo anthu anaombera m'manja gitala, osati amalume.

M'bandimo munali mnyamata wina dzina lake Kinsley, wobwera kumene kuchokera ku Joni, amene anamuika pa gitala yothandizira. Anali ndi luso, zimenezo palibe ankakana, ndipo ankayenda ndi pikapu yake yonyezimira m'thumba la jekete, imene ankati anagula marandi chikwi ndi mazana asanu. Lolemba m'mawa anafika pa khonde pamodzi ndi mayi Eleanor.

"Mayi, ine sindikunyoza," anatero Kinsley, "koma madalawa ndi ogontha. Zamapikapuzi ndi sewero chabe. Sangasiyanitse gitala ndi chigayo."

A Zuze anali akuyang'ana milomo yake, ndipo anamva zokwanira.

"Iwe, ndinayamba kusiyanitsa mapikapu usanayambe kusiyanitsa nsapato yamanja ndi yamanzere."

"Ndiye tiyese."

Mayi Eleanor sankakonda mikangano yaitali. Anali atabweza kale theka la malipiro a ukwati uja, ndipo nkhope yawo inali yowuma.

"Loweruka, hafu fili, pompano," anatero. "Timanga chitenje. Kinsley aziimba kuseri, inu muzitchula dzina la pikapu. Titenga anayi anu akuluakuluwo. Maulendo asanu, ndipo akhoza kubwereza amene wafuna. Mukaphonya kamodzi, gitala ipita kwa Kinsley. Wina akakunong'onezani kapena kukupatsani chizindikiro, mwaluza."

"Asanu okha?" anatero a Zuze. "Ndimayesa muti khumi."

Atachoka, Sungani anatenga kabokosi ka mabatire n'kulemba kumbuyo kwake. Folo kuchulukitsa ndi folo, kasanu. Anawaonetsa.

"Madala, mukamangolota, mwayi wanu ndi umodzi pa chikwi chimodzi ndi makumi awiri ndi anayi."

"Masamu ako ndi abwino."

"Pitani mukawauze mayi zoona. Mwina akusiyirani gitalayo kuti muzikhala nayo pakhonde."

"Kuti anthu azidutsa n'kumati, uja ndi gonthi wamisala wa chitini uja? Panopa amati wamisala basi. Zimenezo zimandikwana."

"Nanga mukaluza pamaso pa anthu onse?"

A Zuze mwina sanamve, mwina anamva. Anangoti, "Mayi Rozina Loweruka amagulitsa mpaka nthawi yanji?"

"Mpaka dzuwa kulowa. Bwanji?"

"Ndimangofunsa."

Loweruka linafika. Nkhani inali itamveka mpaka kutsidya ku Zobue, ndipo Sungani anawerenga anthu makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, osawerengera amene anakwera pamwamba pa thiraki. Tsiku lina lililonse akanasangalala ndi chiwerengero chimenecho. Tsiku limeneli tebulo lake analiphimba ndi nsalu.

Anamanga chitenje pakati pa khonde. Chingwe chinali chachifupi, choncho mbali imodzi anamangirira pa mzati, mbali inayo anamupatsa Sungani kuti agwire. Pamene anaimapo ankaona mbali zonse ziwiri: kuseri Kinsley ndi gitala, mayi Eleanor ali pambali pake ndi masokosi anayi pamiyendo, ndipo kutsogolo a Zuze pa mpando, atayang'ana anthu. Galu anali atagona pafupi ndi mapazi awo.

Kinsley anatenga Dalaivala, anamulowetsa m'kadilowa, n'kuyamba kuimba. A Zuze anakhala phee, manja pa mawondo.

"Dalaivala," anatero. "Ndipo ukumumenya kwambiri, si ng'ombe."

Mayi Eleanor anakweza pikapuyo pamwamba pa chitenje kuti onse aone. Anthu anafuula. Mwayi umodzi pa inayi, anaganiza Sungani. Zimenezo zimachitika.

Ulendo wachiwiri Kinsley anasankha Namwali. Sungani anaona chinthu chachilendo. A Zuze, amene moyo wawo wonse ankamvetsera atatsinzina, maso awo anali otsegula. Galu anadzuka, anadziwongola, n'kuzungulira kupita kuseri kwa nyumba.

"Namwali."

Ulendo wachitatu unali wa Udzudzu. Sungani sanayang'anenso nkhope ya a Zuze, anatsata kumene maso awo ankayang'ana. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa anthu. Anadutsa pa mayi Rozina, amene ankasenda nachesi lawo. Anadutsa pa anyamata a kabaza, mitu yawo ili chiimire. Anafika pa Timoti. Timoti, osadziwa n'komwe chimene akuchita, anali atalowetsa chala m'khutu n'kumachipukusa.

"Udzudzu."

Pamenepo Sungani anamvetsa. A Zuze sankamva gitala. Ankaiwerenga pa anthu. Anthu omwewo amene anawavutitsa zaka makumi awiri ndi funso loti wokoma ndi uti, ndiwo anali kuwayankha tsopano, osadziwa. Sungani anaiwala kulimbitsa chingwe, chitenje chinagwedezeka.

Kinsley anaona.

"Mayi, taonani. Mtsikanayu akugwedeza nsalu. Ndi chizindikiro chimenecho."

"Ndatopa mkono basi," anatero Sungani.

"Amagawana khonde awiriwa. Madala atembenuke, ayang'ane khoma. Ngati ndi khutu, khoma silivuta."

Anthu ena anang'ung'udza, ena anavomereza. Mayi Eleanor anaganiza pang'ono.

"A Zuze, tembenukani."

Sanamve. Mayi Eleanor anatuluka kuseri kwa chitenje, n'kuima patsogolo pawo, n'kubwereza. A Zuze anawayang'ana, anayang'ana Sungani, kenako anadzuka n'kutembenuza mpando okha, n'kuusunthira pambali pa chitenje. Anakhala pansi, msana kwa anthu, mphuno kufupi ndi khoma la laimu. Galu anali atabwerera, anagonanso pamapazi awo. Sungani anaona thukuta likutsika kumbuyo kwa khosi lawo, ngakhale kunali kozizira.

Kinsley anasolola Tete m'sokosi.

Anayamba pang'onopang'ono, ndipo tinene zoona, anaimba bwino. A Zuze sanasunthe. Masekondi khumi, makumi awiri, makumi atatu. Sungani ankawerenga mumtima chifukwa panalibe china choti achite. Akanatha kutsokomola, koma a Zuze sakanamva. Akanatha kugwetsa tochi, koma tochi siinena dzina.

Kenako anayang'ana khomalo. Mikangano ndi kusintha mapikapu zinali zitadya nthawi, dzuwa linali litapendeka kumbuyo kwa anthu, ndipo zithunzithunzi zawo zinali zitakwera pa laimu, zazitali, mitu ndi mapewa. Chakumapeto kunali cha mayi Rozina, chodziwika ndi duku lawo lalikulu. Dzanja la chithunzithunzicho linkazungulira nachesi. Linazungulira kamodzi. Linazunguliranso. Munthu wina anawerama kuti agule, n'kuchiphimba chonse. Munthuyo anasuntha.

Dzanja lija linali litaima m'malere, khoko likulendewera.

"Tete," anatero a Zuze, mawu ali pansi. "Wakalamba koma ndi yemweyo."

Phokoso limene linabuka linadzutsa madalaivala ogona m'mathiraki. Mayi Eleanor anapita kukaletsa anthu amene ankakankhana kufuna kukwera pakhonde. Ndipo pa kanthawi kameneko Sungani anaona Kinsley akupisa dzanja m'thumba la jekete. Anabwezera Tete m'sokosi, anatulutsa pikapu yake ya ku Joni, n'kuilowetsa m'kadilowa, n'kupanira mawaya. Anamuyang'ana Sungani m'maso.

"Ukangolankhula, ndi chizindikiro," ananong'ona. "Aluza."

Mayi Eleanor anabwerera, anaona masokosi onse anayi ali odzaza, anayang'ana gitala, anayang'ana Kinsley. Sungani anadikira kuti aletse. Koma mayiwo anangopinda manja. Iwo ankafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ngati woimba wawo akumva kapena ayi.

Kinsley anaimba. Mawu anali oyera, osalala, opanda chilema chilichonse. A Zuze anayang'ana khoma. Dzanja la mayi Rozina linkasenda. Chithunzithunzi cha Timoti chinali ndi manja onse m'matumba. Mitu ya a kabaza inali phee. Galu ankapuma mwatulo pamapazi awo.

Nyimbo inatha.

"Ayankhe," anatero Kinsley kuseri kwa nsalu.

"Bwereza," anatero a Zuze.

"Sitinagwirizane zobwereza nyimbo."

"Bwereza, Kinsley," anatero mayi Eleanor. "Kamodzi kokha."

Anabwereza. Sungani ankaona mutu wa a Zuze ukuyenda pang'ono kuchokera kumanzere kwa khoma kupita kumanja, n'kubwereranso. Ankafunafuna, ndipo panalibe chopeza. Dzina lililonse mwa anayi aja limene akanatchula linali lolakwa. Anaona milomo yawo ikuyamba kupanga dzina la Tete, n'kuleka. Anaona dzanja lawo likufufuza chitini pansi pa mpando, n'kuchigwira.

Kinsley anamaliza kachiwiri.

A Zuze anadzuka, anatembenuka, n'kuyang'ana chitenje.

"Ameneyu sindikumudziwa," anatero. "Si wa m'chitini changa. Ndipo pano palibe amene akumudziwa. Ndi mlendo."

Mayi Eleanor anasolola pikapu yonyezimirayo n'kuikweza m'mwamba. Sungani anasiya chingwe, chitenje chinagwa, ndipo iye anakhala pansi pomwepo.

Kinsley anatuluka nkhope itagwa.

"Mwadziwa bwanji, madala?"

"Ndi yodula, mwana wanga, ndipo ndi yaukhondo. Koma yaimba kawiri, galu sanadzuke."

Anthu anaseka poganiza kuti ndi chipongwe chabe. Mayi Eleanor sanaseke. Anayang'ana galu wawo, anayang'ana khoma, anayang'ana a Zuze nthawi yaitali. Kenako anatenga gitala n'kuwapatsa m'manja, ndipo polankhula anaima patsogolo pawo penipeni, n'kumatsegula pakamwa bwinobwino.

"Kabati yanu iyi. Koma pa ukwati muzitsegula maso. Iwe Kinsley, uziima pafupi nawo. Nyimbo ikamatha uziwaponda phazi."

Anthu atabalalika, Sungani anavundukula tebulo lake.

"Madala, mwabera."

"Ndabera ndani? Anthu amenewa ndinawaphunzitsa ndekha, zaka makumi awiri, ulere, ena akukana. Lero andimverera." Anapukuta Tete ndi malaya n'kumubwezera m'sokosi. "Koma usawauze mayi Rozina. Akadziwa ayamba kuchita dala, ndiye awonongeka."

Anaimbanso m'bandimo chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Kinsley anawaponda phazi pa maukwati makumi anayi ndi umodzi. Poyamba ankaponda ndi mkwiyo, moti a Zuze anagula nsapato za chitsulo kutsogolo kwa dalaivala wina. Kenako ankangogunda pang'ono. Kumapeto kwake ankabwera pakhonde masana popanda womuitana, n'kumaimba yekha mapikapu awiri motsatizana, a Zuze atakhala pambali akuyang'ana msewu.

"Uyu ndi uti, madala?"

"Dikira kaye, mayi Rozina akupereka chenje."

Anamwalira m'mwezi wa February, atadwala masiku asanu ndi limodzi, ndipo tinakawaika kumudzi kwawo kwa Nthache. Bandi inaimba pa maliro. Nyimbo yomaliza itatha, anthu amene anali pafupi anaona Kinsley akukweza phazi, n'kuliponda pansi pamene panalibe munthu.

Chitini anasiyira Sungani. Gitala mayi Eleanor anaikoloweka pa msomali pakhonde pomwepo, ati palibe angagule gitala yoboola. Pa malire pamadutsa mathiraki ochuluka monga kale, phokoso silinachepe, koma khonde lija anthu amalidutsa mofulumira, mapepala m'manja, popanda wowaimitsa. Mphindi zisanu ndi ziwiri zija zinatha. Timoti amasintha ndalama manja onse ali pa ntchito. Galu amagona malo amodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo wanenepa. Mayi Rozina amasenda nachesi, n'kutenga lina, n'kusendanso, osaima. Tsiku lina anamufunsa Sungani kuti, "Kodi n'chifukwa chiyani masiku ano manjawa akumanditopa chonchi?"

Sabata yatha thiraki ina inaima pamzere, ndipo dalaivala wake anabwera pakhonde yekha, osagwidwa. Anali Laston, uja wa chimodzimodzi. M'manja munali sokosi.

"Madala ali kuti? Anandituma chaka chatha. Ndaipeza ku Beira, pa gitala ya m'tchalitchi china chakale."

Sungani anamuuza. Laston anavula chipewa, anakhala pa mpando wa a Zuze, n'kuyang'ana gitala pa msomali.

"Ndiye sitidziwa kuti ikumveka bwanji," anatero.

"Mudutsanso liti?"

"Loweruka."

Sungani anatsegula chitini, anasuntha masokosi, malo anapezeka. Khumi ndi ziwiri. Wauza kale Kinsley, wapempha sipika kwa mayi Eleanor, ndipo mawa akwera basi ya ku Blantyre kukagula nsambo zatsopano, paketi imodzi ya gitalayo ndi zisanu zogulitsa. Loweruka hafu fili amanga chitenje pakhonde. Kinsley adzaimba Tete, kenako wa ku Beira, ndipo Sungani adzaima pamene angaone manja a mayi Rozina.